Mkuyu sunanamepo

Kwathu ku Neno kavalo timamudziwira m'Baibulo. Ndakula ndikumva za akavalo a Farao amene anamira m'nyanja, ndi za amalonda a Solomoni amene ankagula kavalo mmodzi ku Igupto pa masekeli 150, koma kavalo weniweni wopuma mpweya ndinakamuona ndevu zitamera kale, pa phiri la Zomba, atabereka mzungu amene ankaoneka kuti akupemphera chamumtima. Ngakhale maina ake ndi obwereka: "kavalo" tinatola kwa Apwitikizi a tsidya la malire, "hatchi" kwa Angerezi. Kashembe ndi matenda ena anakana kuti nyamayi ikhazikike m'zigwa zotentha ngati cha Lisungwi, ndipo makolo athu anangoti basi, miyendo ilipo.

Komatu kusowa kwa akavalo sikunatisowetse ogulitsa akavalo. Ku Ulaya ndi ku Amereka, galimoto isanabwere, wogulitsa akavalo anali ndi mbiri ngati ya dobadoba kuno. Msinkhu wa kavalo umawerengedwa pa mano: akadali wanthete mano ake akutsogolo amakhala ndi timaenje takuda pamwamba, ndipo timaenjeto timafufutika akamakula. Ndiye akatakwe ankatenga nkhalamba ya kavalo, n'kuipala mano, n'kuboola timaenje tatsopano, n'kutiwotcha ndi chitsulo chamoto kuti tide. Kukacha gogo uja wasanduka mnyamata. Ena ankatenga kachidutswa ka jinja n'kukalowetsa kumene mchira umabisa, ndipo kavalo wotopa ndi moyo ankafika pamsika mchira uli m'mwamba, akudumpha ngati wovina ingoma. Ndikawerenga zimenezi sindidabwa ayi. Ndimangoona nkhope za anthu amene ndimawadziwa, ena timakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi.

Akuluakulu anatichenjeza kale kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwu timautulutsa titapusitsidwa kale, ngati ambulera yokumbukiridwa mvula itakata, ndipo nthawi zonse mlandu umagwera mkuyu. Ine lero ndaimirira mkuyu pabwalo. Kodi mtengowu unaitanapo munthu? Unalumbirapo kuti m'kati mulibe kanthu? Unangofiiritsa zipatso zake n'kukhala phee. Amene munathamanga, n'kuthyola, n'kuponya m'kamwa osang'amba ndinu. Ndiponso odziwa za mitengo amati nkhuyu siingabereke njere popanda timavu ting'onoting'ono timene timalowa pa kabowo ka kunsonga kukaikira mazira, titanyamula mungu. Tizilombo ta m'katimo ndiye antchito a pakampani. Nkhuyu yopanda kachilombo ndi ija yapulasitiki yokongoletsera tebulo la ukwati.

Wogulitsa waluso ali ngati mkuyu. Bodza lamkunkhuniza amasiyira ana ophunzira ntchito, iye amagulitsa ndi choonadi chokhachokha. Malume anga anapita kumunsi kuja kukagula bulu wokoka ngolo, ndipo poti ndi munthu wochenjera anakonzeratu mafunso atatu.

"Kodi sathawathawa ameneyu?"

"Bambo, mukamusiya apa m'mawa, madzulo mudzamupeza pompano."

"Nanga kudya?"

"Sawononga chakudya. Pang'ono chabe, wakhuta."

"Ukali?"

"Mwana wa zaka zitatu akhoza kumukoka mchira."

Malume anawerenga ndalama. Ulendo wa ola limodzi anauyenda tsiku lathunthu, iwo kutsogolo ndi chingwe, bulu kumbuyo akuganiza za moyo. Anadzitonthoza kuti akulira kwawo. Patapita sabata anazindikira kuti bulu sathawa chifukwa mwendo wakumbuyo unapuma pantchito kalekale, sadya kwambiri chifukwa chotafunira chinatha, ndipo sachita ukali chifukwa ukali umafuna mphamvu. Anabwerera ali lawilawi. Mwini bulu anawapatsa mpando, mayi a pakhomo anabweretsa thobwa, kenako funso linabwera mwaulemu: "Bambo, pa mawu anga onse aja, ndi ati amene ndinanama?" Malume anabwereza zokambirana zonse m'mutu ngati mwana wa kalasi ya ubatizo, osapeza ngakhale limodzi. Anamaliza thobwa, anathokoza, anatsanzika. Buluyo anakhala nafe zaka ziwiri ngati mlendo wolemekezeka. Ngolo tinkakoka ndife adzukulu.

Ine ndinalumbira kuti zoterezi sizidzandionekera, poti ndinapita kusukulu ndipo nkhani ya mano ndinaiwerenga. Chaka china Khirisimasi itayandikira ndinachoka ku Blantyre, nsapato zili waliwali, n'kulowa mumsika wina wa kwathu kukagula mbuzi. Ndinasankha thadzi la mimba yozungulira bwino ngati mtsuko. Ndinapinda malaya, n'kuigwira chibwano, n'kuiyasamulitsa anthu akuona. Zimene ndinaona zinandikwana.

"Achimwene, mwandiona ngati wa m'tauni eti? Mbuzi iyi ndi nkhalamba. Mano onse a m'mwamba anaguluka!"

Msika unati zii. Kenako kunaphulika phwete lomwe mpaka lero ndimalimva ndikagona chagada. Gogo wina wogulitsa tomato anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje n'kunena kuti, "Mwanangu, yasamulitsa mbuzi zonse kuyambira pano mpaka ku Tsangano. Ukapeza ya mano akutsogolo m'mwamba, dengu lonseli ndi lako." Ndi tsiku limenelo pamene ndinaphunzira kuti mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe kutsogolo m'mwamba zili ndi chinkhama cholimba basi. Zaka zimawerengedwa pa mano asanu ndi atatu a m'munsi, amene amasinthika awiriawiri pafupifupi chaka ndi chaka mpaka mbuzi itakwana zaka zinayi. Mwana aliyense wobusa amadziwa zimenezi asanadziwe kulemba dzina lake.

Munthu mmodzi yekha sanaseke: mwini mbuzi. Anagwira chipewa pamtima n'kuti, "Bwana mwaona bwino, anthu ophunzira sabisika. Poti mano palibe, ndikuchotserani K5,000." Anachotsadi, pa mtengo umene anali atawonjezerapo K10,000 atangoona nsapato zanga. Ndinalipira msangamsanga kuti ndichoke pamaso pa anthu. M'mawa mwake mimba ija inali itaphwa ngati mpira wobooka. Inali mimba ya madeya othira mchere ndi ndowa ya madzi. Usiku wachiwiri m'khola munayamba kumveka chifuwa, khosokhoso, ngati muli nkhalamba yosuta chingambwe.

Tisanamange ogulitsa onse, tiyeni tiyang'anenso wogula, poti iyenso ndi nkhuyu yoyenda ndi miyendo. Ndani mwa ife sanalumbirepo kuti "ndangotsala ndi ya thiransipoti" ndalama zili m'sokosi? Ndani sananenepo kuti "uko ndasiya yonenepa kuposa iyi pa mtengo wotsika" pamene ukoko sanapondeko? Timanyoza katundu amene mtima wagwa naye kale, timayamba kuchoka pang'onopang'ono khutu lili kumbuyo kudikira kuti atiitane. Buku la Miyambo, mutu 20, linamuseka kale wogula wotereyu, wonyoza pamsika n'kukadzitama kunyumba. Nyengo ya nandolo venda amabwera ndi sikelo yodya makilogalamu awiri pa thumba, mlimi amabwera ndi thumba lokhala ndi makilogalamu awiri a mchenga pansi, ndipo onse awiri amapita kwawo akumwetulira, aliyense akuti wamuonetsa mnzake. Ndowa ya mbatatesi ya kumtunda kwa Dambe pamwamba pamakhala zibaba, pakati ana, pansi zidzukulu, ndipo tako la ndowayo linamenyedwa ndi mwala kuti lilowe m'kati. Basela amene amakuponyerani pomaliza uja ine ndimamutenga ngati kulapa.

Mu 1970 katswiri wina wa zachuma wa ku Amereka, George Akerlof, analemba nkhani ya msika wa galimoto zakale imene inamuthandiza kupata mphotho ya Nobel mu 2001. Kwawoko galimoto yovunda m'kati amaitcha ndimu, chipongwe chimene ife a Neno ndi Mwanza, amene timaphunzitsa ana ndi manachesi ndi mandimu, sitingachilandire. Mfundo yake inali yoti wogula sangasiyanitse yabwino ndi yoipa, ndiye amapereka mtengo wapakatikati. Mwini yabwino amaona kuti mtengowo ndi wachipongwe n'kubwerera nayo kunyumba. Pamsika pamatsala zoipa zokhazokha. Malume nditawafotokozera anati, "Mphwanga, mpaka mphotho? Ng'ombe yabwino yapangolo munthu sagulitsa, pokhapokha pagwe maliro, fizi kapena mlandu." N'chifukwa chake wogula wanzeru kwathu sayamba ndi mano. Amayamba wafufuza ngati pakhomopo pali mwana amene wasankhidwa kupita kusekondale. Ngati palibe vuto lililonse koma mwini akugulitsa, vuto lili m'ng'ombemo.

Koma chimene ndachiona ine, ndipo Akerlof akadabwera kuno akadachilemba, ndi chakuti chilungamo cha malonda chimayenda ndi msewu. Pa Zalewa, pamene msewu wa M1 umakumana ndi wopita ku Mwanza ndi ku Tete, wogula ali pawindo la basi, injini ikulira, kondakitala akumenya chitseko. Munthu ameneyo simudzamuonanso mpaka kubwera kwa Yesu. Thumba la makala likhoza kukhala ndi chisoti chachitali ngati cha bishopu, m'kati muli fumbi ndi zikuni zosapsa, adzazindikira ali ku Ndirande. Kwerani tsopano kumtunda, ku Neno boma, ku Ligowe, ku Kambale, nthawi ya dzinja matope atatseka njira. Amene mwamugulitsa mbuzi lero mukumana naye mawa pachigayo, Loweruka kumaliro, Lamulungu ndiye akuyendetsa mbale ya chopereka. Kuthawa kulibe, poti galimoto yake ili kuti? Anthu a kumtunda si oyera mtima kuposa a pa Zalewa. Matope ndiwo amawalera.

Ndiye msewu wa Tsangano–Neno–Mwanza ndimaudikira ndi mitima iwiri. Neno anakhala boma payekha mu 2003, atapatuka ku Mwanza, ndipo chiyambire pamenepo phula la msewuwu lakhala likuyenda ngati bilimankhwe wodwala nyamakazi. Kunena zoona, ameneyu ndiye kavalo wamkulu amene anthu a ku Neno tagulapo. Chisankho chilichonse amabwera naye mano atapalidwa, jinja ali m'malo mwake, mchira uli m'mwamba, ife n'kulipira ndi chala choviika mu inki. Mukafunsa pambuyo pake, yankho ndi la mwini bulu uja: tinati msewu ubwera, kodi tinatchula tsiku?

Pakadali pano kavalo wathu ndi njinga yamoto. Ma Lifo ndi ma SanLG a kabaza ndiwo amakwera mapiri amene minibasi imawaopa, ambiri olowera ku Mozambique, mapepala ake "akubwera". Luso lonse la ogulitsa akavalo linasamukira pamenepa osataya kanthu. M'malo mopala mano amadula waya wa mita, ndipo njinga imene yazungulira Neno yense zaka zitatu imaonetsa makilomita a mwana wakhanda. M'malo mwa jinja amathira oyilo wolimba ngati phala kuti injini isamveke kulira kwa m'mafupa. Mpando amaukutira pulasitiki watsopano. Mukapangana kuti mufika 8 koloko, mwini amailiza kuyambira 7 koloko, chifukwa ikazizira imafuna anyamata anayi ndi chitunda. Gwirani injini musanapereke moni: ikakhala yofunda m'mawa, funsani kuti yachokera kuti. Ndipo mawu ake ndi omwe aja oona okhaokha. "Sinandivutitsepo panjira." Inde, poti simafika panjira.

Foni ndiye yabweretsa mkuyu wopanda ngakhale nyerere. Pa Facebook ndi pa WhatsApp mbuzi imajambulidwa wojambula atagwada pansi, n'kuoneka ngati ng'ombe. Mukatumiza ya chikole pa Airtel Money kapena pa Mpamba, nambala ija imayamba kuyankhidwa ndi mayi uja wonena kuti siikupezeka. Agogo ankalumwa lilime koma nkhuyu anaidya. Ife timalipira chithunzi cha nkhuyu.

Malamulo aliko. Lamulo loteteza ogula linakhazikitsidwa mu 2003, ndi mnzake wa Neno wobadwa naye chaka chimodzi, ndipo bungwe la CFTC limalandira madandaulo. Chiweto chimayenera kuyenda ndi kalata ya amfumu ndi chiphaso cha alangizi a ziweto. Koma ndiuzeni mmene ndikadalembera dandaulo langa: "Ndinanena ndekha pagulu kuti mbuzi ndi nkhalamba, mwiniwake anavomera, ananditsitsira mtengo, ndinagula."

Mbuzi yachifuwa ija sitinaidye pa Khirisimasi, mayi anakana. Ndinaisunga mpaka Januwale, kenako ndinachita zimene munthu wophunzira amachita. Ndinaipatsa madeya a mchere, ndinaimwetsa madzi, ndinaipukuta ubweya ndi kansanza ka mafuta ophikira, n'kuikweza pa njinga mpaka pa Zalewa, kutali ndi aliyense wondidziwa. Bambo wina wa jekete anaima n'kufunsa ngati ili bwinobwino.

"Bambo," ndinatero dzanja lili pamtima, "mbuzi iyi usiku simungade nkhawa ndi akuba. Mumaimva kuti ilipo."

Analipira osanenerera kwambiri. Ndinabwerera kumudzi ndikuimba mluzu.

Patatha masabata atatu, malume anawina mlandu kwa amfumu. Ng'ombe za munthu wina wa tsidya la mtsinje zinadya chimanga chawo, ndipo chindapusa chinali mbuzi imodzi. Wolakwayo analibe khola, anachita kutuma mlamu wake wa jekete kuti amugulire kumsewu. Anaibweretsa madzulo kuli chisisira, malume anailandira, anaitsekera m'khola, tinadya nsima, tinagona.

Cha m'ma 11 koloko usiku, khosokhoso.

Ndinamva malume akutembenuka pamphasa kuchipinda kwawo. "Mphwanga," anaitana mumdima, "uli maso?"

Ndinayamba kuliza mkonono.