Amalume a pa Kacholola akaonera opera ku Vienna

Amalume anga amagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu wa Great East, pa Kacholola. Mwana wawo wamkazi ndi namwino ku Vienna, likulu la Austria, ndipo atawaitana kukacheza anawatengera ku Staatsoper, nyumba ya opera, zisudzo zimene anthu amaimba zonse, ngakhale moni. Chibwerereni kumeneko, wogula mkoko umodzi amalandira nkhani zitatu za basela.

Mkangano unayambira pakhomo. Anauzidwa kuti asiye chijasi chawo kwa mnyamata wina wovala bwino, iye awapatse kanambala. "Mwanawe," anatero kwa mwana wawo, "thumba langa la nyemba ndinasungitsa kwa munthu wovala chonchi pa siteshoni ina ku Lusaka. Kanambala kake ndikadali nako."

Mwanayo anawafotokozera mbiri ya nyumbayo. Inatsegulidwa mu 1869, koma ili mkati momangidwa msewu wa kutsogolo kwake unakwezedwa, nyumbayo n'kuoneka ngati yatitimira. Anthu anainyoza kwambiri, moti mmodzi wa olemba pulani yake, Eduard van der Nüll, anadzipha mu 1868, ndipo mnzake August Sicard von Sicardsburg anamwalira patangopita milungu yochepa. Onse awiri sanaione ikutsegulidwa. Amalume anapukusa mutu. "Kwathu khoma likapendama, amene amadwala ndi mwini nyumba. Mmisiri amabwera m'mawa mwake kudzafunsa ndalama yotsala." Atamvanso kuti mabomba anaiwononga mu 1945 ndipo inatsegulidwanso mu 1955, anati kontirakita wa zaka 10 ameneyo ayenera kuti ali ndi abale ku Nyimba.

Matikiti otchipa kumeneko ndi oimirira. Pa nthawiyo ukapeza malo, unkamangirira mpango pachitsulo chotsamira, n'kupita kukamwa madzi, ndipo panalibe wokhudza malo akowo. Izi amalume anazikonda zedi. Pobwerera kwawo kuchokera ku Lusaka anamangirira mpango wawo pampando wa basi, natsika pa mlatho wa Luangwa kukagula nsomba zouma. Pokwera anapeza mayi wina ali phee pampandopo, mpango uja atauvala kumutu.

Wotsogolera oimba sanamukhululukire mpaka lero. "Munthu alowa mochedwa kuposa anzake onse, atifulatira akuluakulu, alibe ng'oma, alibe gitala, angoopseza anzake ndi kamtengo. Pomaliza m'manja mwambiri aombera iyeyo. Ameneyo, mphwanga, ndi wandale."

Usiku umenewo kunali La Traviata ya Giuseppe Verdi, nkhani ya mkazi wotchedwa Violetta, wodwala chifuwa chachikulu. Apa ndi pamene amalume amaika nthochi pansi kuti afotokoze ndi manja onse. Wodwalayo ali gone pabedi, watsala maola ochepa, koma mawu ake akufika mpaka ku mipando ya kudenga popanda maikolofoni. "TB yotere sindinaione. Kwathu wodwala chifuwa amalephera kuitana mwana kuti abweretse madzi." Dokotala analowa, namugwira dzanja, naimba pang'ono, natuluka osasiya ngakhale Panadol. Chitabwera chibwenzi cha Violetta, amalume anati basi galimoto ya kuchipatala yapezeka, koma naye anangoyamba nyimbo. Mkaziyo atagwa pansi, amalume anaweramitsa mutu n'kuyamba kupisa m'thumba kufuna ya chipepeso. Chinsalu chitatsegukanso anangoona malemu adzuka, akumwetulira, akulandira maluwa. Akuti akadapanda kugwiridwa malaya ndi mwana wawo, akadafika ku Kacholola wapansi.

Kunena chilungamo, pamene mkaziyo ankatsazika, amalume analira. Iwo amati chinali chimfine.

Za kuomba m'manja nazo zinawazunguza. Anamva kuti mu 1991 woimba Plácido Domingo ataimba Otello anthu a ku Vienna anamuombera m'manja kwa mphindi 80. "Ife pa mwambo wa Tuwimba timawaombera mfumu Kalindawalo," anatero, "koma titafika mphindi 80, mfumu ingatume nduna kudzafunsa kuti tapalamula chiyani." Iwo atafuna kuyamikira pakati pa nyimbo, anakuwa kuti "Wamkaka!" ndipo mzere wonse unatembenuka. Atatsokomola unatembenukanso.

Lamulo limodzi lokha ndi limene anabwera nalo kwathu. Kuyambira nthawi ya Gustav Mahler, amene anayamba kuyendetsa nyumbayo mu 1897, wochedwa salowa mpaka nthawi yopuma. Amalume anakalipereka kwa akulu a mpingo, nalankhula mwamphamvu za Akhristu ofika ulaliki uli pakati. Akuluwo anavomera. Lamlungu lotsatira chitseko chinatsekedwa nyimbo yoyamba itangoyamba, ndipo panja panatsala anthu awiri: amalume ndi mlaliki wa tsikulo.