Mlandu wa Chambo cha pa Phiri

Adzukulu anga nonse, a ku Lilongwe, a ku Blantyre ndi iwe wa ku Joni, tcherani khutu. Bwalo lakhala pano pa Khombedza, pansi pa mtengo wa mango. Wodandaula ndine, woweruza ndinenso, ndipo apilo kulibe. Mlandu wake ndi wakuti mwezi wa Juni, mwera uli pakati mpaka asodzi kukokera mabwato kumtunda, inu munasonkhana n'kupita pamwamba pa phiri la Zomba kukadya nkhomaliro ku hotela. Umboni munapereka nokha pa WhatsApp. Mwana wa kuseri kuno anandibweretsera foni yake, ndipo zithunzizo ndaziona chimodzichimodzi, magalasi ali pamphuno, mpaka batire kutha.

Tiyambe ndi njira. A ku Lilongwe munadzera ku Salima, ati kuti muone nyanja. Mutafika apo, msewu wa M5 ukanakubweretsani pakhomo pano mukanangokhotera kumpoto, cha ku Nkhotakota. Inu munakhotera kumwera. Chipoka munadutsa, Mua munadutsa, Golomoti, Balaka, mpaka kuwoloka Shire pa Liwonde, njala ili m'mimba, pamene pano mpunga unali utangolowa m'nyumba ndipo tambala wofiira uja anali kuyendayenda pabwalo wopanda mlandu. Ali moyobe mpaka lero, ndipo akuti ndikuthokozereni.

Ndiye kuzizira. Ife a kunyanja tili pansi, mamita osafika 600 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, ndipo chisanu timachidziwa cha m'mamawa basi, chija chimathawa dzuwa likangosuzumira. Phiri la Zomba nsonga yake ya Malumbe imapitirira mamita 2,000. Munthu wanzeru Juni akafika amatsika phiri kufuna kofunda. Inu munakwera, mutagula ndi majuzi atsopano, zipewa zaubweya ndi mipango ya m'khosi, kuti mukanjenjemere bwino. Pachithunzi china mwazungulira moto wa nkhuni m'chipinda chodyeramo, manja mutatambasula, mano onse pamtunda. Moto womwewo ndikasonkha pano mumati utsi ukukuwawani m'maso ndipo zovala zinunkha. Kapena nkhuni za paini zilibe utsi, mudzandifotokozera.

Tsopano ndifike pomwe mtima wanga unaima. Iwe mwamuna wanga wamkulu, amene ndinakulera ndi mutu wa chambo, unaitanitsa chambo pamwamba pa phiri. Mdzukulu wa pa Khombedza, amene malume ake amalawirira ku doko la Chikombe nkhuku zisanalire, kukagula chambo ku nkhalango ya paini! Paphiripo pali nsomba yakeyake yotchedwa trout, imene azungu anabweretsa chifukwa imafuna madzi ozizira a m'timitsinje ta kumeneko, ndipo kunyanja kuno singakhale ndi tsiku limodzi lomwe. Ukanadya imeneyo ndikanati mwana akuphunzira dziko. Koma chambo chinachita kukwera galimoto, kugona mu firiji, n'kukupeza pa tebulo chilibe mutu, chilibe mchira, chilibe minga, kachidutswa koyera kali pakati pa mbale yaikulu, kandimu pambali ndi katsamba pamwamba. Ndinamuuza mwana uja kuti akuze chithunzicho ndi zala zake, mwina mutu wabisala kuseri kwa mbatata. Sunapezeke. Amene anadya mutuwo kukhitchini ndiye anadya chambo, iwe unalipira.

Ndipo mudziwe kuti nsomba simera m'mbale. Pachilumba cha Mbenji, kwa a Makanjira oyandikana nafewa, kuyambira m'ma 1950 mfumu imatseka usodzi Disembala akafika n'kudzatsegula mu Epulo, kuti utaka uswane. Nyengo ikatsegulidwa, pachilumbapo saloleza mowa, njuga kapena chamba. Nalo boma limaletsa makoka ena kuyambira Novembala chifukwa cha chambo chimene chikunka chichepa chaka ndi chaka. Anthu amagona ndi thelele miyezi imeneyo kuti nsomba idzapezeke. Ndiye ndikaona theka la kachidutswa kaja katsala m'mbale ya iwe mkazi mnzanga, ati wakhuta, ndimafuna kudziwa chimene unakhuta. Nsima panalibe. Mpunga unali wa supuni imodzi, wowumbidwa ndi kapu. Masamba anali aawisi, osaona moto ngakhale chidulo. Msuzi anakupatsani poyamba paokha, mukumwa ndi supuni ndiwo zisanabwere, kenaka ndiwo n'kubwera msuzi utatha.

Musaganize kuti za patebulo sindizidziwa. Agogo anu aamuna, malemu, anali khukhi ku Zomba komweko m'ma 1960, likulu la dziko lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Ankaphikira bwana wina wa m'boma, ndipo akabwera kutchuthi ankatiyalira mipeni pamphasa kutionetsa mwambo wake. Foloko kumanzere, mpeni kumanja, ndipo zikachuluka umayambira zakunja kulowera mkati. Mpeni wa nsomba ndi wophwatalala, wosathwa. Kansalu koyera kamakhala pamiyendo. Ukamaliza umagoneka mpeni ndi foloko pamodzi kuti woperekera adziwe kuti achotse mbale. Ine amene sindinalowepo m'hotela ndikuzidziwa zimenezi. Iwe wa digiri, pachithunzi chachitatu, ukudula buledi ndi mpeni wa nsomba, kansalu utakakoloweka m'khosi. Ndinaseka mpaka kutsokomola, mwana uja n'kuthamangira madzi.

Za kusamba m'manja sindinaone. Beseni panalibe, jagi panalibe. Za pemphero sindinaonenso, koma mwina maso munatsinzina foni itazima. Chimene ndinaona n'chakuti chakudya chitafika aliyense anaimirira n'kuyamba kuchijambula, wina chakumwamba, wina cham'mbali, mpaka chinazizira, ndipo paphiri paja sichichedwa. Kenaka aliyense anaweramira mbale yakeyake. Ana a mimba imodzi, palibe ndi mmodzi yemwe amene anapisa dzanja m'mbale ya mnzake. Munthu wodutsa simunamuuze kuti tiyeni kuno, tikudya. Paja kumeneko ukaitana munthu amakulembera pa bilu.

Koma bwalo lino ndi lachilungamo, ndipo mbali yanu ndiinena ndekha poti inu mulibe loya. Agogo anu ankasimba za phirilo madzulo ambiri. Ankatiuza za mathithi a Williams, za dzenje la Chingwe limene anthu amaliopa, za malo amene anaimapo Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia itabwera mu 1965, amene mpaka lero amatchedwa Emperor's View, pomwe kukayera umaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Iwo ankakwerako atasenza dengu la bwana, n'kuyala nsalu, n'kuima chapatali mpaka anthu amalize. Pampando sanakhalepo. Nditakuonani inu mutakhala, miyendo mutapingasa, phiri lonse lili kumbuyo kwanu, ndinatembenuka n'kupukuta magalasi. Iwe mkazi mnzanga unavala thalauzi, limene kuyambira 1973 mpaka 1993 likanakugonetsa ku polisi. Imeneyo sindiiwerengera, kunali kuzizira. Eni hotelayo nawonso ndilibe nawo mlandu, iwo anaphika zimene munaitanitsa.

Mlandu weniweni uli pa kanema uja munajambula mosadziwa kuti mawu akulowa. Bambo amene ankakuperekerani chakudya ali ndi imvi. Iwe mwamuna wanga wamng'ono unawaitana ndi zala, kuthyapula, ngakhale kuwayang'ana kumaso osawayang'ana. Ndinamva ndi makutu angawa ukuti "aise, tabwera." Bambo amenewo ali ndi adzukulu kwawo, amatsika phiri usiku chisanu chili m'mafupa, ndipo akafika pakhomo ana amawagwadira powapatsa madzi. Ntchito akugwirayo ndi yomwe inagula malata oyamba a nyumba ino, ndi yomwe inalipira sukulu ya mayi ako. Mawu akuti bambo, chonde ndi zikomo salembedwa pa risiti. Ndinadikira kuti wina mwa akuluakulu inu amudzudzule, koma nonse munali pa foni.

Risitiyo ndinaionanso, poti munaijambula dala kuti anzanu aone. Pansi pake panali msonkho wa VAT, panalinso msonkho wa zokopa alendo, kusonyeza kuti boma nalo lakuzindikirani kuti ndinu alendo m'dziko lanu lomwe. Chiwerengero chonse nditachimva ndinawerenga zala, n'kupeza kuti munadya mbuzi ndi kamwana kake, popanda wina wonyambita chala. Munalipira osatsutsa, khadi kungoti pa makina, kumwetulira. Inu nomwe amene chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, foni iliyonse mumayamba ndi kuti agogo, zinthu zathina m'tauni muno.

Ndiye potsika phiri, m'mbali mwa msewu wokhotakhota uja, anyamata ndi tiana amagulitsa masitiroberi ndi tizipatso tina ta kumapiri m'timabasiketi. Amathyola m'mamawa mame ali mbuu, n'kuima tsiku lonse pamphepo. Apo m'pamene nzeru zanu zonse za malonda zinadzuka. Galasi la galimoto munatsitsa pang'ono chabe, n'kuyamba kunenerera. Mwanayo akatchula mtengo, inu theka. Akatsikako, inu mukuti tikagula kutsogoloko, dalaivala n'kuyendetsa galimoto pang'onopang'ono kuti mwana athamange. Anathamangadi, basiketi ili m'manja, ndipo munaseka. Pamwamba paja, pomwe mtengo unali wolemba ndi inki, pakamwa panali potseka. Kulimba mtima munakusungira mwana wopanda nsapato. Khalidwe limenelo ndimalionanso mukabwera kuno pa Khirisimasi, mukamakangana ndi mayi wa usipa pa thandala chifukwa cha K200, mafungulo a galimoto mukuwazunguza pachala. Mudzati tsobola wakale sawawa. Bwerani pafupi mulawe.

Iwe wa ku Joni usabisale kumbuyo kwa anzako poti ku Zomba kunalibe iwe. Fayilo yako ndi yokhuthala kuposa onse. Mwezi womwewo unawoloka malire kupita ku Lesotho, ku mapiri a Maluti, kumalo otchedwa Afriski, kumene kutalika kwake kumapitirira mamita 3,000 ndipo kuyambira Juni mpaka Ogasiti anthu amatsetsereka pa chipale atamanga timatabwa kumapazi. Ndamva kuti chipalecho chikachepa amachita kuchipanga ndi makina. Anthu kugula makina opangira kuzizira, ife kuno Okutobala tikugona panja chifukwa cha thukuta! Alamu anga anakumbapo golide ku Joni pa nthawi ya Wenela, Kamuzu asanaimitse ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu oposa 70. Ankagwira ntchito ndi Abasotho, ndipo ankati anthuwo savula bulangete chifukwa kwawo chisanu chimapha nkhosa. Iwo amathawira m'bulangete, iwe unalipira kuti ugwe chagada pa chipale, miyendo m'mwamba, anzako akujambula. Chakomachakoma pusi anagwa chagada, koma pusiyo sanagule tikiti. Utadzuka unakalowa m'nyumba yodyeramo ya pamwamba pa phiripo n'kuitanitsa nyama yofiira mkati, magazi ali chuchuchu m'mbale. Mayi ako nditawaonetsa anangoti kukamwa yasa. Ngati makala anawathera kumeneko ukananena, tikanatumiza thumba pa basi.

Chigamulo nachi, ndipo mlembi alembe. Iwe wa zala zothyapula, tsiku limene udzakwerenso phirilo ukawafune bambo aja, ukavule chipewa, ukawapatse moni wa manja awiri, ndipo ya sopo ukawapatsire m'manja, osati kuisiya pansi pa mbale. Nonse a m'galimoto ija, masitiroberi mudzagula pa mtengo umene mwana watchula poyamba, galimoto itaima ndi kuzimitsa, ndipo basiketi imodzi idzafike pano isanafote, ndione ngati n'zoona kuti amaposa masawu. Iwe wa ku Joni chindapusa chako ndi bulangete la Abasotho, lenileni lolemera, osati la pa Kamuzu Road, poti mwera wa chaka chino wandilowa m'mawondo.

Ndipo nonse mudzafike kuno nyanja isanatsekedwe. Malume anu ndawauza kale kuti asunge chambo chachikulu, cha mutu wake. Mudzasamba m'manja kuyambira wamkulu, mudzakhala pamphasa, mafoni adzakhala mu lichero pamwamba pa nkhokwe mpaka mbale zitatsukidwa, ndipo otsuka ake ndinu. Mutu wa chambocho ndidya ine.