Walira khadi walira fani

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ife a m'chigwa cha Shire mwambi umenewu sitichita kuwerenga m'buku. Mvula ikagwa ku Thyolo ndi ku Mulanje, matope ake timaponda ndife. Koma masiku ano mwambiwu wapeza ganyu wina kwa anyamata a ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula amene agwidwa ndi matenda a magemu apakompyuta.

Matendawa amayamba chonchi. Mnyamata ali ndi kakompyuta ka Dell kamene kanapuma pantchito mu ofesi ina kunja. Akaikamo FIFA, imene kuyambira 2023 akuitcha EA Sports FC, osewera amathamanga modukizadukiza, mpira n'kumaoneka pakati pa bwalo chigoli chitalowa kalekale. Anzake amuuza kuti mankhwala ake ndi graphics card, khadi lojambula zithunzi. Basi wayamba kulira mvula. Agulitsa mbuzi, akwera minibasi, adutsa pa Thabwa, n'kubwerako ku Blantyre atakumbatira katoni ya RTX 3060. Mtengo musafunse. Katunduyu amaitanitsa ndi madola, ndipo Kwacha yathu inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Mvula yagwa, tsopano tiwerenge matope. Oyamba, khadi likukana kulowa, chifukwa kabokosi ka mu ofesi n'kopyapyala. Agula bokosi lina. Achiwiri, khadi lokhalo limadya mawati 170, ndipo eni ake amati lipatsidwe power supply ya mawati 550, pomwe ya m'kabokosi muja siifika n'komwe 300. Mbuzi ina yapita. Achitatu, sikirini yake ndi ya chingwe cha mutu wabuluu chija cha VGA, koma khadi latsopano limadziwa HDMI ndi DisplayPort basi. Ngakhale apeze cholumikizira, sikirini ya 60Hz imaonetsa zithunzi 60 zokha pa sekondi. Khadi lipange 140, zotsalazo palibe adzazione. Kuli ngati kuphera mlendo ng'ombe ya ku Ngabu iye ali wopanda mano.

Matope enieni amadza mu Okutobala. Amene anapanga makhadiwa sanagonepo ku Nsanje nyengo imene kutentha kumapitirira madigiri 40. Khadi la NVIDIA likatentha kufika cha m'ma 83, limadzichepetsera lokha liwiro kuopa kupsa, ndiye gemu ija n'kuyambanso kudukiza monga kale. Fumbi nalo ladzaza m'timafani ta m'kati. Mnyamata atsegula bokosi, anyamula fani ya pabalaza n'kuilozetsa ku kompyuta. Pamenepo agogo atsala akudzikupiza ndi lichero, akufunsa kuti, "Kodi iwe, m'nyumba muno wodwala ndi ndani, ine kapena wailesi yakoyo?"

Tisaiwale mayunitsi. Makina odya mawati 300 amamaliza yuniti imodzi ya ESCOM m'maola atatu ndi mphindi 20. Mita ikayamba kulira usiku, bambo safunsa za resolution, amangozula pulagi. Komanso magetsiwo ali ndi matope awo. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, konkuno ku Chikwawa, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Khadi la mtengo wa mbuzi zingapo likakhala mumdima sililimbana n'komwe ndi bawo, amene safuna yuniti. Nanga bandulo? Gemu imodzi ya masiku ano imatha kufika magigabaiti 100, ndipo ukangomaliza kudawunilodi imakupatsa moni ndi update.

Sindikuti anyamata asiye kulira mvula, poti munda wouma nawo sudyetsa munthu. Ndikuti alire yolingana ndi denga lawo. Khadi laling'ono la GTX 1650 limadya mawati 75 okha, ambiri a mtundu umenewu safuna chingwe chapadera cha magetsi, ndipo alipo aafupi olowa m'kabokosi ka mu ofesi. Zotsalazo n'zaulere. Lowani mu settings, tsitsani 1080p ifike 720p, chotsani Ultra muike Medium, chepetsani mithunzi, ndipo mangani zithunzi pa 60. Udzu wa m'bwalo suoneka tsamba lililonse, thukuta la Mbappé simuliona, koma chigoli cha pa 720p wosewera naye chimamupweteka chimodzimodzi.

Choncho achimwene, musanagulitse mbuzi, yezani bokosi, werengani mawati olembedwa pa power supply, yang'anani kumbuyo kwa sikirini, ndipo pukutani fumbi mwezi ndi mwezi. Fani ya pabalaza abwezereni agogo.