Chizungu chotola m'njira chavuta m'tauni

Kodi munthu amawatola kuti mawu a Chizungu? Nkhani imeneyi yatenga malo masiku ano ku Limbe, ku Ndirande ngakhalenso pa depoti ku Lilongwe, ndipo aliyense akuloza mphunzitsi wake.

Madala a pa bawo akuti wawo anali wailesi. Akukumbutsana za 2019, mlandu wa chisankho cha pulezidenti ukuulutsidwa kuchokera kukhoti ku Lilongwe, womasulira akutembenuza zonse m'Chichewa. Miyezi imeneyo ngakhale wootcha chimanga ankaidziwa affidavit, ana nawo ankaitanana My Lord posewera. Pofika pa 3 Febuluwale 2020, tsiku la chigamulo, mabenchi onse anali atadzaza maloya. Mmodzi wa madalawo akuti mpaka pano ndalama ya ndiwo ikapanda kukwana bwino amawauza mayi akunyumba kuti pali ma irregularities, mayiwo n'kuseka mpaka kugwetsa mthiko.

Makondakitala a minibasi akukana. Iwo akuti palibe mphunzitsi woposa mavuto. Lockdown anaimva mu 2020, cyclone inawalowa m'mutu ndi Freddy mu Malichi 2023, ndipo devaluation anaidziwa mu Novembala chaka chomwecho, kwacha itagwa ndi 44 peresenti. Akuti mawu amene walawa thumba likupweteka suwaiwala. Apa sindingawatsutse.

Anyamata a kabaza akuti Chizungu chawo chonse chinachokera ku mpira wa ku England. Amayi a mu saluni akuloza mafilimu a ku Nigeria, pomwe a kwaya akuti ingokhalani kutsogolo tsiku limene mlaliki ali ndi womasulira.

Koma nkhani yomwe yandigwira mtima ndi ya mayi wina wa kaunjika. Iyeyu akamasula belo, chovala chilichonse amachitembenuza pakhosi n'kuwerenga kansalu kolembedwa kaja: cotton, wool, hand wash. Madzulo akatha kuwerenga ndalama, amatulutsa kope lomwe amalembamo ngongole za makasitomala, n'kutsegula masamba akumbuyo. M'menemo amalemba mizere itatu kapena inayi m'Chizungu, yofotokoza tsiku lake: kasitomala amene anakakamira mtengo mpaka dzuwa kupendeka, mvula imene inanyowetsa majekete, mwana amene wabwera ndi chimfine kusukulu. Liwu likasowa amasiya mpata, ndipo amadzafunsa mwana wake wa Fomu 2 kapena kuyang'ana pa foni. Zikuto za kopelo zada ndi thukuta la m'manja, cholembera amachimangirira ndi mphira kuti chisasowe.

Anzake pamsika poyamba ankamuseka, amvekere kodi mayi mukupita ku Joni? Lero omwewo ndiwo akumubweretsera makalata a kusukulu ndi timapepala ta m'mabokosi a mankhwala kuti awawerengere. Awiri akuti agula kale makope awo, ngakhale mmodzi wangolemba dzina pachikuto.

Mphunzitsi wina wopuma pantchito atamva zimenezi kometera tsitsi, akuti anaomba m'manja tsitsi lili theka. Iye akudandaula kuti ana ambiri amaloweza mawu akuluakulu chifukwa choopa mayeso, pakuti satifiketi ya MSCE siituluka ngati walephera Chingerezi. Koma mwana yemweyo ukamuuza kuti afotokoze zomwe wadya m'mawa, amangokanda m'mutu. Ine ndili kumbali ya mphunzitsiyo. Mwana amene walemba za nsapato yake yong'ambika amawagwira mawuwo msanga, chifukwa nkhaniyo amaidziwa kale, chomwe akusaka ndi dzina lake basi.

Makolo, kope silifika mtengo wa bandulo ya mwezi. Mugulireni mwana limodzi, madzulo aliwonse alembemo zomwe waona, kenako akuwerengereni mokweza mukudikira nsima.