Mlandu wa zilembo zinayi

Pa ofesi pathu pali zipani ziwiri, ndipo mamembala onse pamodzi tilipo awiri. Ine ndine wa chipani cha Call. Wotsutsa ndi mnyamata wina amene anabwera posachedwapa ndi digiri yosauma inki.

Kwa inu amene Mulungu anakupewetsani mavuto otere, nkhani yake ili motere. Mu Excel muli kachipinda kobisika kamene umalowamo ukadina Alt ndi F11. M'menemo ndi momwe timalemba ma macro, timapulogalamu totuma Excel ntchito, m'chinenero cha VBA, chimene Microsoft inaika mu Excel mu 1993. Ntchito ikakula umaidula m'tizigawo totchedwa Sub, ndipo kachigawo kena kakafuna kutuma kanzake, njira zilipo ziwiri. Ukhoza kulemba kuti Call Werengera(malipiro, msonkho), kapena kungoti Werengera malipiro, msonkho. Kompyuta imachita chimodzimodzi. Eni ake a Microsoft amanena poyera kuti Call si wokakamiza. Koma ife nsima yatizizirirapo kangapo pa nkhani imeneyi.

Pagulu ndimati mfundo yanga ndi ulemu. Ndinaleredwa kuti pakhomo pa munthu umayamba ndi odi, chitseko chingatseguke bwanji, ndiye Call ndi odi wanga. Mnyamatayo amangopukusa mutu. "Madala, izi n'zamakedzana. Ngakhale Rubberduck imadandaula ikaona Call." Rubberduck ndi pulogalamu yoyendera zimene walemba mu VBA n'kumaloza zokhota, ndipo n'zoonadi, imati mawuwa anatha ntchito. Ndinamuuza kuti sindingalangizidwe ndi pulogalamu imene jekete langa limaiposa zaka.

"Nanga Let bwanji simumulemba?"

Apa anandigwira pakhosi. Pamene John Kemeny ndi Thomas Kurtz anapanga BASIC ku Dartmouth College mu 1964, pofuna kusunga nambala unkayamba ndi LET. VBA, mdzukulu wa BASIC, imamulolabe Let mpaka lero, koma ine sindinamulembepo. Ndinatsokomola, n'kupita kukaona ngati ketulo yawira.

Chifukwa chenicheni, chimene sinditchula pagulu, n'chakuti ndimaopa mabulaketi. Lamulo lake limati ukalemba Call, ika mabulaketi. Ukasiya Call, asiyenso. Mutu wanga umasunga lamulo limodzi basi, ndiye ndinasankha loyambalo. Ukasokoneza n'kulemba Werengera(malipiro, msonkho) popanda Call, mzere wonse umafiira psuu, kompyuta n'kukukalipira pomwepo. Kumeneko n'kukoma mtima. Ufiti uli pamene chotumiza m'mabulaketimo chili chimodzi. Ukalemba Onjezera(malipiro), VBA siyankhula kanthu. Imangoika yokha kampata pakati pa dzinalo ndi bulaketi, mwakachetechete, kenako m'malo motumiza malipiro enieniwo imatumiza kope lake. Sub ija imaonjezera ndalama pa kopelo mokhulupirika ndithu, ikamaliza n'kulitaya. Malipiro amatsala momwe analili, popanda uthenga, popanda chofiira.

Tsiku lina ndinaupeza ufiti umenewu mu macro ya mnyamata uja. Abale, chimwemwe chake! Ndinakonza tayi, n'kuitana ngakhale mayi amene amatiphikira tiyi kuti pakhale mboni. Ndinaloza kampata kaja ndi cholembera, n'kulalikira za ana a masiku ano othamangira kudula njira, za kufunika komvera akuluakulu, mpaka ndinafika pa mitengo ya feteleza. Iye anamvetsera mwaulemu, manja kumbuyo. Nditapuma anawerama, n'kufufuta mabulaketi awiri aja, n'kudina F5. Zonse zinayenda bwinobwino, Call osaoneka n'komwe.

"Zikomo madala, mwandithandiza," anatero. Mayi aja anafunsa ngati angapite.

Chipani sindinatuluke. Ndimangodzitonthoza kuti mdani wanga sangachotse ma Call anga onse kamodzi ndi Ctrl ndi H, poti mabulaketi angatsale n'kumufiiritsira mizere. Ayenera kuyenda mzere ndi mzere, ndipo ndi waulesi. Kunena zoona, macro yanga yotchuka kwambiri ntchito yake ndi kupaka chikasu mzere wapamwamba, zimene mwana wa sitandade 5 angachite ndi mausi tisanamalize kulonjerana.

Sabata yatha phokoso lathu linafika kwa abwana, amene ripoti lathu likawapeza amawerengeranso okha pa kakyuleta ya pafoni. Anasuzumira pakhomo, magalasi ali pamphuno.

"Akuluakulu, Call amene mukukanganiranayu ndani? Ali pa mndandanda wa malipiro?"