Achimwene, Tulutsani Nkhuku mu Peugeot

Jules Street,
Malvern,
Johannesburg

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino nonse ku Kambuzuma, inu, alamu, ana, komanso mayi athu ndi bondo lawo lija. Ine kuno ndilipo, kungoti chisanu cha ku Joni mwezi uno chikuluma ngati ndili nacho ngongole. Musadabwe kuona kalata ya papepala ngati tabwerera m'nthawi ya Wenela. Pa WhatsApp inu mumangoyankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu, ndiye munthu sudziwa ngati mwamva kapena foni yangodinika m'thumba. Kalata ino ndaimata pamwamba pa bokosi loyamba kuti musafike pa zitsulo musanadutse pa mawu anga.

Mabokosiwo ndi atatu. Malayitsha atanyamula lachiwiri anandifunsa ngati ndayamba kutumiza miyala ya ku mgodi, kenako anakweza mtengo. Mukawalandira muwerenge zonse iye ali pomwepo, musamupatse tiyi kaye.

Tsopano nkhani ya nkhuku. Mwana wanu wamkazi ananditumizira chithunzi cha galimoto ya malemu bambo, ndipo ndinachiyang'ana mpaka nsima inazizira. Pampando wa dalaivala pali thadzi likufungatira mazira. Paboneti alamu ayanikapo mfutso. Kumbuyo kuli matumba a chimanga, ndipo m'malo mwa matayala muli njerwa. Achimwene, Peugeot 404 ija yasanduka khola, thandala ndi nkhokwe pakamodzi. Sindikukana kuti ikugwira ntchito, mwina kuposa ena a ife, koma si ntchito imene anaipangira.

Mwaiwala kodi kuti ife tinakulira m'buti ya galimoto imeneyo? Bambo anachoka ku Dedza pa lole ya Ulere opanda ngakhale nsapato, anakatuluka thukuta kunjanji ku Lochinvar, anakhala ku Rugare, mpaka anapeza nyumba ku Kambuzuma. Ndalama zopumira pantchito anagulira 404 yaitali kumbuyo ija n'kuisandutsa ET, kunyamula anthu kupita m'tauni ndi ku Mbare Musika. Inu munkakhala kutsogolo chifukwa ndinu wamkulu. Ine ndinkatolera ndalama m'buti, mawondo atalukana ndi a anthu osawadziwa, chitseko chakumbuyo chili yasa, utsi wa ekizozi ukundilowa m'mphuno. Anthu omwe ankatinena kuti mabhurandaya ndi omwewo ankathamangira galimoto ya m'bhurandaya mvula ikayamba. Makombi atalowa mu 1993 malonda anayamba kuzilala, ndipo mu 2008, ndalama itasanduka mapepala okulungira mtedza, petulo n'kusowa, bambo anaiimika pansi pa mtengo wa mapeyala n'kunena kuti ipume pang'ono. Ikupumabe.

Kuno ku garaja komwe ndimatsuka zitsulo kumabwera madala ena achizungu kudzasaka zida za galimoto zakale. Wina nditamuonetsa chithunzi chija anavula magalasi, n'kufunsa ngati tikugulitsa. Ndinati nkhukuyo kapena galimoto? Sanaseke. Ndiye dziwani kuti mukusungira chimanga m'chinthu chimene anthu akuchilirira. Thupi lake anajambula ndi a Pininfarina a ku Italy. Ku France anayamba kuipanga mu 1960, ndipo ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 1991. Mpikisano wa East African Safari, wa m'matope ndi m'fumbi uja, 404 inapambana kanayi: 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Galimoto yogonjetsa matope a ku Kenya lero yagonja kwa thadzi la alamu.

Bokosi loyamba ndi la injini. Muli mapisitoni anayi, maring'i ake, malayina anayi, mabering'i, magasiketi onse, tcheni cha tayiming'i, pampu ya madzi ndi mapulagi. Ndinayenda m'masikirapu a ku Booysens Loweruka lililonse kwa miyezi itatu, nsapato zinatha, ndiye chonde zimenezi zisakathere ku Siyaso kusinthanitsa ndi mbaula.

Ubwino wa injini imeneyi, ya 1618 cc yogona chopendekera ija, ndi wakuti masilinda ake ndi mapaipi ochita kulowetsa, ozunguliridwa ndi madzi. Akatha simufunika kunyamula buloko yonse kupita nayo kokaboola. Mumangozula akalewo n'kulowetsa atsopano, ngati kusintha mabatire a tochi. Koma pomwepo ndi pamene pali msampha. Mukachotsa silinda hedi, malayinawo muwapanikize ndi mabawuti ndi mawashala akuluakulu musanapukuse injini. Akangonyamuka pang'ono, mphira wapansi amasiya kugwira, madzi amatsikira mu oyilo, ndipo mukasolola kachitsulo koyezera mupeza tiyi wamkaka. Pokhala malayinapo mupale dzimbiri lonse mpaka pawale. Hedi ndi ya aluminiyamu, mupite nayo kwa odziwa akaone ngati sinapindike. Osaipala ndi sandipepa pakhonde ayi.

Za makaniko. Ndamva kuti mwapangana ndi mkulu uja wa ku Gazaland amene amakonza chilichonse ndi hamala. Ndimamulemekeza, anatikonzera wilibala bwinobwino. Koma mumuuze kuti Afalansa amawerenga masilinda kuyambira kumbuyo, mbali ya kilatchi, osati kutsogolo kwa fani. Moto umayenda 1, 3, 4, 2. Akatenga waya woyamba wa pa disitibyuta n'kuupereka ku silinda ya kutsogolo, galimoto siilira koma kuwomba ngati mfuti, ndipo Section 3 yonse idzagona pansi. Ine zinandichitikira kuno pa 404 ya kasitomala. Kabuleta inalavula moto, nsidze zanga zinapita, ndipo kwa mwezi wathunthu ndinkaoneka wodabwa ngakhale pomwe sindinadabwe.

Thanki ya petulo muitsitse, muitsuke. Petulo wa 2008 amene anatsalamo pano ndi vanishi. Mapaipi onse a mphira musinthe, ndaikamo atsopano, chifukwa petulo wa kumeneko masiku ano ndi wosakaniza ndi ethanol wa nzimbe za ku Chisumbanje, ndipo amadya mphira wakale. Bambo sankamwa, galimoto yawo ikayambe kachasu itakalamba, ndiye tiikonzere m'mimba. Radiyeta nayo ipite kokatsukidwa. Ndikudziwa kuti munkathiramo phala la ufa kuti isadonthe. Sindinauze munthu, koma ndikudziwa.

Ikalira, musathamange nayo. Makilomita 1,000 oyamba muziyenda ngati mwanyamula mkwatibwi, kenako mukhetse oyilo, mumangenso mabawuti a hedi, muyezenso mavavu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Bokosi lachiwiri, lolemera lija, ndi la miyendo, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mukhale pansi muwerenge kawiri, chifukwa mwana wanu wamwamuna wandilembera zoopsa. Akuti ankolo, tidule masipuling'i galimoto itsike, tiike matayala opyapyala ndi masipika m'buti. Waonera mavidiyo a anyamata a ku Soweto akuzungulitsa gusheshe, BMW 325iS ija, utsi uli tolotolo, wina atatulukira pawindo. Ndawaona ndi maso anga anyamata amenewo, ndi akatswiri, koma amasewera pabwalo losalala. Iyeyo akayese kutsitsa galimoto kenako adutse nayo msewu wopita ku Mufakose nthawi ya dzinja, m'maenje muja mumasambira abakha. Sampu idzatsala pa hampu yoyamba, ekizozi pa yachiwiri, iye adzafika kumashopu atagwira chiwongolero chokha. Akayandikira masipuling'i ndi sowo, mumulande, mumupatse khasu.

Galimoto imeneyi ulemu wake ndi kutalika kwa miyendo. Imayenda ngati ngamila, thupi lili phee pamwamba, matayala akuvina okha pansi. Chimene chinaipha si kutalika koma kutopa. Zaka zonse zija yonyamula anthu khumi ndi awiri, matumba a mbatata ndi mbuzi ya apo ndi apo, kumbuyo kunakhala pansi ngati galu wopempha. Mukasuzumira pansi muona kuti kumbuyo kuli masipuling'i anayi, awiri mbali iliyonse, chifukwa yaitaliyi anaipangira katundu. Ndatumiza onse anayi. Musinthe onse, osati awiri n'kusunga awiri kuti adzathandiza mawa, ndimakudziwani. A kutsogolo samalani pomasula, muwapanikize ndi chida chake. Sipuling'i yothawa ilibe chibale, imachotsa mano.

Mashoko ndatumiza a kutsogolo ndi kumbuyo omwe. Kuyesa kwake n'kosavuta: kanikizani kona ya galimoto ndi thupi lonse n'kusiya. Ikadzuka kamodzi n'kukhazikika, zili bwino. Ikapitiriza kudumphadumpha ngati yamva ng'oma ya gule ku Mufakose, shoko yafa. Paja mukukumbuka momwe inkachitira tikadutsa pa njanji, mayi n'kuyamba nyimbo ya chitsitsimutso.

Ndiye pali timphira tating'onoting'ono m'kathumba kabuluu, mabushi. Musatipeputse. Kumbuyo kuli chitsulo chopingasa chimene chimagwira ekiselo kuti isamayende cham'mbali. Mabushi ake akatha, mutu wa galimoto umalowera ku Warren Park pomwe matako akufuna ku Rugare. Bambo ankadula mabushi ku matayala akale, ndipo ankati amakhalitsa kuposa a m'sitolo. Ankakhalitsadi, koma ndi chifukwa chake pokhota aliyense m'galimoto ankagwira mnzake ngakhale sakulankhulana. Mabolojointi ndi matayirodi ndaikamonso. Chiwongolero chija chinkazungulira theka lonse matayala asanamve uthenga, ngati kutuma mwana waulesi. Mukamanga zonse, mabawuti a mabushi mumalize kulimbitsa galimoto itatsika pa jeke, itaima ndi miyendo yake, apo ayi mphira amapotoka n'kung'ambika msanga. Kenako mupite nayo kokawongola matayala pa makina. Chingwe cha alamu choyanikira zovala si makina.

Matayala mugule kumeneko, a mainchesi 15, anayi ofanana, osati limodzi la vani, lina la thirakitala. Mabuleki ndiye musachite nawo nthabwala: timphira ta m'masilinda, mapaipi ndi mafuta, zonse zatsopano. Kale tinkaima popopa katatu ndi kupemphera kamodzi. Pano ana achuluka m'misewu.

Bokosi lachitatu ndi la alamu. Muli bulangete, mafuta ophikira, nsapato za ana, ndi waya wa khola la nkhuku, mita khumi. Muwapatse bokosilo musanatchule zosamutsa thadzi. Ndaganiza zonse, Achimwene.

Mwina mukufunsa kuti mng'ono wanga wapenga, ndalama zonsezi bwanji osangotumiza tigule ka Honda Fit tizichita mushikashika ngati anzathu. Funso labwino, ndipo mkazi wanga wandifunsa kale, mokweza. Yankho ndi ili. Pa Khirisimasi ndinaimbira foni mayi, ndipo pakati pa nkhani ya bondo ndi ya mtengo wa shuga anati bambo anawalonjeza kuti tsiku lina adzawatengera kwawo pa galimoto yawoyawo, osati pa basi, akatsike pakhomo pa abale awo anthu akuona. Anaseka ponena, koma kuseka kwake kunali kuja mukukudziwa. Ine ndinakhala chete mpaka mayunitsi anatha.

Ndiye ndayeza njira. Kuchoka ku Harare kudzera ku Mutoko mpaka Nyamapanda, kulowa Mozambique, Changara, kuwoloka Zambezi pa Tete, kukwera mapiri a ku Angonia, n'kutulukira pa chipata cha Dedza. Injini yotentha siingakwere mapiri amenewo, ndipo msana wa mayi sungapirire mashoko akufa. Mpando wakutsogolo ndi wawo. Inu muyendetsa, poti giya ya pachiwongolero ija munaizolowera. Mwana wanu wamwamuna uja tidzamuika m'buti, mawondo m'chibwano, alawe mbiri ya banja. Ine ndikhala pakati ndi bokosi la masipanala. Za mapasipoti ndi mapepala a galimoto yambani kuyendera panopa, chifukwa laisensi yake inatha ndalama isanasinthe maina kangapo konse kaja, ndipo ZiG sinaionepo.

Tchuthi ndapempha cha Disembala. Bwana wavomera ndi mutu wokha, pakamwa sanatsegule, ndiye muzipemphera. Ndikafika pa Roadport ndikufuna mudzanditenge pa 404, osati pa kombi. Ikakana kulira ndidzakankha, sindinaiwale, koma kukankha kwake kukhale kochokera pa geti kufika pamsewu basi, osati mpaka ku Tete.

Mupereke moni kwa mayi, muwauze kuti mafuta opaka pabondo ali m'kati mwa bulangete, asawasokoneze ndi girizi amene ali m'chitini chofanana nacho. Moni kwa alamu, kwa ana, ndi kwa akuluakulu onse a kumpingo. Mkulu wa hamala uja mumupatse moni, koma hamalayo muisunge inu.

Anapiye akaswa, awiri ndi anga. Thadzilo lakhala pampando wa bambo osalipira lendi, ndipo ine ndinali kondakitala wa galimoto imeneyo.

Ndine mng'ono wanu,
wa ku Joni