Pusi wa ku Chainda ndi Galimoto Zake

Makolo anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pusi wa masiku ano mungamupeze ku Chainda Loweruka masana, akuzungulira galimoto ya mnzake, akumenya matayala ndi nsapato, akufunsa kuti imamwa bwanji. Njira yake ndi yodziwika. Amayamba ndi Vitz yochokera ku Japan, yolowera pa Nakonde. Kenako amapita ku Kulamba, ku Mkaika m'boma la Katete, kumapeto kwa Ogasiti, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakalambira Kalonga Gawa Undi. Malo ogona amadzaza msanga, ndipo usiku umodzi wokha umamuphunzitsa kuti munthu wamkulu sagona mu Vitz popanda kupinda mawondo mpaka pachibwano. Akabwerera amaigulitsa n'kugula Noah, poti mipando yake imagona. Chaka chotsatira apongozi akwera, azilamu akwera, matumba a chimanga ndi mtedza akwera, ndipo pofika pa mlatho wa Luangwa mwini galimoto wayamba kale kulota Canter.

Kunena zoona, mwambiwu suletsa kusintha. Pusi amene sasintha nthambi amafa ndi njala. Chimene chinagwetsa pusi wa m'mwambiwu n'chakuti anasiya nthambi imene inamunyamula chifukwa cha chipatso chimene anangochiona ndi maso. Mnzathu wa ku Chainda nayenso amagula galimoto poganizira masiku atatu a ku Mkaika, n'kuiwala kuti miyezi yonse yotsala idzakhala ikukwawa pa Great East Road, pakati pa Chelstone ndi tauni, itanyamula munthu mmodzi ndi chikwama chake. Mipando eyiti ija imamwa mafuta ngakhale palibe wokhalapo. A ERB akakweza mtengo wa mafuta, Noah imaphimbidwa ndi lona kuseri kwa nyumba, nkhuku n'kumapuma pansi pake, bwana n'kumakanganirana mpando wa kutsogolo mu minibasi.

Wina anena kuti banja limakula, ndipo ana asanu salowa mu Vitz. N'zoona, ndipo amene wasintha galimoto chifukwa cha ana opita kusukulu tsiku ndi tsiku sindikumutcha pusi. Koma tiyeni tiwerenge bwino amene amadzaza Noah paulendo wa kum'mawa. Si ana ayi. Ndi abale amene amva kuti mwagula galimoto yaikulu, ndipo abale amachuluka molingana ndi mipando. Mukagula Canter, mbiri imafika mpaka ku Mtendere ndi ku Kalingalinga, ndipo maliro aliwonse amakupezani: nkhuni ndi zanu, mabenchi a kutchalitchi ndi anu, ulendo wa kumanda a Chingwere ndi wanu. Mafuta ake mudzalipidwa ndi mawu akuti Mulungu akudalitseni. Bedi limene munkalifuna lija mulibe, pakuti amayi ndi ana ndiwo amagona m'galimoto, inu muli panja pamoto ndi azibambo anzanu, monga mmene zinalili nthawi ya Vitz.

Wina aloza alendo aja amene amadutsa pa msewu womwewu kupita ku Mfuwe, ku South Luangwa, ndi Land Cruiser yokhala ndi tenti padenga, makwerero pambali, firiji m'kati. Iwowo amasinthadi: lero tenti ya pansi, mawa ya padenga, akakalamba n'kutopa ndi makwerero amagula galimoto yokhala ndi khitchini ndi chimbudzi. Koma kwa iwo kugona panja ndi tchuthi chimene amachikonzekera ndi kuchilipira. Ife kugona panja timakudziwa kuyambira ubwana, ndipo sitifuna makwerero: mphasa, chitenje, mbaula ndi bulangeti zakwana. Chimene timasowa n'chotifikitsa kumeneko basi, ndipo pa Intercity mabasi opita ku Katete ndi ku Chipata amanyamuka tsiku lililonse, woyendetsa ndi wina, zipata zolipira za ku Chongwe ndi zake, tayala likaphulika pa mapiri a Manenekera mutu wopweteka ndi wake.

Pali chotsutsa chimodzi chimene chili ndi mano, ndicho mvula. Kulamba imachitika m'chilimwe, koma Nc'wala ya Angoni ku Mtenguleni, kwa Mpezeni, imagwa kumapeto kwa Febuluwale, dzinja lili pakati. Pamenepo denga la chitsulo limaposa chitenje, ndipo wa Noah amaseka wa mphasa. Komabe kusiyana kwa mtengo wa Vitz ndi wa Noah kungagule matenti okwanira mudzi wonse wa kwanu, ndipo tenti siifuna laisensi ya a RTSA, siipita kwa makaniko, ndiponso palibe mlamu amene angaibwereke kuti akatengere mkwatibwi. Vuto lake ndi limodzi lokha, lomwenso ndi gwero la matenda onsewa: tenti imapindidwa n'kubisidwa pansi pa bedi, pomwe Noah imaima pageti, aneba onse akuiona.